Aise Yohane, nthawi imeneyo amalemba ndani?

Uthenga wako wautali uja ndinauwerenga kawiri, kenako ndinapatsira Mavuto kuti nayenso aone. Akuti ndikufunse ngati ndiwe Yohane yemwe uja, amene belu la kusukulu linkamupeza akadali pachitsime, amene lero wasanduka wokumba ndalama ku Johannesburg. Tinaseka ndithu. Koma usiku tulo sitinabwere, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya nthawi yomweyo.

Ukuti mwasonkherana ndi anzako awiri, mwagula makina, mukukumba kandalama katsopano ka pa intaneti kamene dzina lake sindinalimvepo, makina akulimbana ndi masamu ovuta kuti woyamba kupeza yankho alandire ndalamazo. Ndiye ndiuze: nthawi imene imalembedwa pa block iliyonse, tsamba lija limene wopambana masamu amawonjezera m'kaundula wa ndalamazo, amalemba ndani? Palibetu wotchi imodzi imene onse amayang'ana. Amene wapeza block ndiye amalembapo nthawi, ngati mlonda wodzilembera yekha m'kaundula ola limene wafika pantchito. Ku Bitcoin, ndalama yaikulu ya mtundu umenewu, anaika malire awiri okha. Nthawiyo iyenera kuposa ya pakatikati mwa ma block 11 omaliza, komanso isapitirire maola 2 kutsogolo kwa wotchi ya kompyuta imene ikuilandira. M'kati mwa mpata umenewo munthu atha kunama, block n'kulandiridwa bwinobwino. N'chifukwa chake nthawi zina block yobwera pambuyo imaoneka yakale kuposa imene inaitsogolera.

Mwina ukuti nanga zili ndi vuto lanji. Vuto lilipo, aise. Akakwana ma block 2016, pafupifupi milungu iwiri, makompyuta amaona kuti papita nthawi yaitali bwanji, n'kulimbitsa kapena kufewetsa masamu aja kuti block izituluka pa mphindi 10 zilizonse. Amaona potengera nthawi zomwe zija okumba analemba okha. Ukawanamiza kuti padutsa nthawi yaitali, amaganiza kuti okumba akuvutika, ndiye amafewetsa masamu. Ku Bitcoin kuti munthu achite zimenezi mosalekeza ayenera kukhala ndi mphamvu yoposa theka la okumba onse padziko, ndipo si zamasewera. Ngakhale choncho Matt Corallo, mmodzi mwa olemba mapulogalamu a Bitcoin, anapempha mu 2019 kuti bowo limeneli litsekedwe. Tsono ngati akuluakulu akuda nkhawa ndi khoma lawo la njerwa, nanga kanyumba kako kaudzu?

Taona zimene zinachitikira Verge, ndalama ina ya pa intaneti, mu April 2018. Wina anayamba kulemba nthawi zabodza pa ma block ake, masamu a njira imodzi mwa njira 5 zimene ankakumbira anafeweratu, ma block n'kumatuluka pafupifupi sekondi iliyonse. Anakolola mamiliyoni a XVG, ndalama za Verge zimenezo, okumba achilungamo makina awo akungodya magetsi. Eni ake anayesa kukonza, koma mu May chaka chomwecho zinachitikanso. Ndikamaganiza zimenezi ndimaona ndalama zako za zaka zinayi, zija unkati ndi za malata a nyumba ya amayi, zikuthera m'manja mwa munthu amene sudzamuona nkhope. Ngakhale a kampani ya Gridless aja amene amakumba ndi magetsi a m'madzi ku Bondo, ku Mulanje, amakumba Bitcoin, osati tindalama tongobadwa kumene. Uwafunse anzakowo kuti kandalama kanuko kamalola maola angati kutsogolo, ndiponso kamasintha masamu pakapita ma block angati. Akalephera kuyankha, usawonjezerenso ndalama ina, ndapota nawe.

Kuno zinthu ndi zomwezo. Shuga wakweranso, ndipo wagolosale wathu wayamba kugulitsa wa m'timapepala ting'onoting'ono. Wotchi ya pakhoma ija unatisiyira inaima pa 4 koloko sabata yatha. Ndagula mabatire kawiri, onse akufa pa tsiku lachitatu, moti ndikalowa m'nyumba ndikuiona ili chiimire, ndimakumbukira iweyo ndi ma block ako. Tamanda wachira, ndi mwana wamkazi, onse ali bwino. Mbuzi za a Phiri zadyanso mpiru wanga wonse, ndipo mwini wake sanabwere n'komwe kudzapepesa.

Amayi ako ndinakumana nawo kuchigayo Lachiwiri. Anandifunsa ngati ukudya mokwanira. Za makinawo sindinawauze, sindinadziwe poyambira. Uwaimbire wekha.

Palinso china cha wotchi ya kompyuta yanuyo, chifukwa ikangotsalira kapena kuthamanga kwambiri ma block anu omwe atha kukanidwa, koma magetsi azima ndipo foni yatsala pang'ono kuzima, ndiye ndikakapeza potchajira mawa ndidza