Masitazi ya za zomera si yoseketsa, tiwathandize ana athu

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinene za maphunziro omwe anthu ambiri kuno ku Lusaka amawaseka. Mwana akamaliza digiri ku UNZA nkunena kuti akufuna kupitiriza masitazi ya za zomera, makolo amayamba kumuyang'ana ngati wasokonezeka, eti iwe kulima nakonso kumafuna masitazi? agogo ako ku Katete alima moyo wawo wonse opanda ngakhale setifiketi ya Grade 7. Koma mwana yemweyo atanena kuti akufuna za malamulo kapena za maakaunti, amalume ndi azakhali onse amasonkha ndalama osafunsa kawiri. Ine izi zimandiwawa chifukwa nsima yomwe tonse tikudya imadalira anthu omwe tikuwasekawo.

Tikumbuke 2024. Pa 29 February a pulezidenti a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anali atapsa, ndipo chaka chimenecho dziko linakolola matani ngati 1.5 miliyoni chabe pomwe chaka cha m'mbuyo mwake tinapitirira 3 miliyoni. Tonse tinaona mtengo wa thumba la breakfast momwe unakwerera. Manje funsani anthu kuti nchifukwa chiyani minda ina inali ndi mapesi aatali bwinobwino koma zisononkho zopanda maso, ambiri angoti mvula inadula basi. Zoona inadula, koma inadula nthawi yoipitsitsa, chimanga chikumasula ngayaye. Chimanga chikamva ludzu nthawi imeneyo ngayaye zimatulutsa ufa wake uja pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa kutuluka, ndiye pofika tsiku lomwe ndevu zatuluka ufa uja watha kale, ndipo ndevu iliyonse yomwe sinalandire ufa ndi diso limodzi la chimanga lomwe latayika. Anthu opanga mbewu zopirira chilala amakhala m'munda ndi kabuku kuwerenga masiku a pakati pa ngayaye ndi ndevu mzere ndi mzere, nkusankha mbewu zomwe sizichedwetsa ndevu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ntchito imeneyi siichitika mwamwayi, munthu amaiphunzira, ndipo mbewu imodzi yatsopano imatenga zaka zambiri isanafike mu shopu ya agro dila.

Ndipo sikuti tikuyamba pa zero. Tili ndi ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ku Mount Makulu ku Chilanga kuno pafupi, komwekonso kuli SCCI yomwe imayesa mbewu isanaloledwe kugulitsidwa. Kwathu ku Chipata kuli malo ofufuzira za ulimi a Msekera, ndipo amene mumalima nshawa za MGV4 kapena MGV5 dziwani kuti M uja akuimira Msekera yomweyo. Chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A chinatulutsidwa muno mu 2012. Ku Chalimbana njira ya ku Chongwe kuli nkhokwe yosungira mbewu za mayiko onse a SADC, ambiri timangodutsa pa basi popita kumudzi osadziwa kuti ili pamenepo. Malo onsewa amafuna anthu ophunzira kupitirira digiri yoyamba, ndipo akuluakulu omwe alipo akapuma pa ntchito adzalowa m'malo mwawo ndani ngati ana athu tikuwakankhira onse ku ma ofesi a mu tauni?

Chomwe ndikufuna kutsindika kwambiri ndi nkhani ya nthaka. Chaka ndi chaka nkhani ya ulimi muno ndi FISP, fataleza wafika kapena sanafike, D compound ndi yuriya zili pa zingati, ngati kuti ulimi wonse uli m'thumba la 50 kg. Sindikunyoza fataleza ayi, amafunika. Koma munda womwe walimidwa chimanga chokhachokha zaka ndi zaka umatopa, ndipo ukatopa kaufiti amalowa. Kaufiti uja anthu ena amakhulupirirabe kuti ndi wa mnzako wakuponyera, pomwe nkhani yake njakuti njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo zimamera pokhapokha zikamva kamadzi kena kotuluka ku mizu ya mbewu monga chimanga kapena mapira. Akamera amadziphatika ku muzu nkuyamba kuyamwa adakali pansi, ndiye pomwe mlimi akuona maluwa okongola aja chimanga chavulala kale. Munthu amene waphunzira izi amadziwanso kuti pali mbewu zina monga soya ndi thonje zomwe zimatha kunyenga njere za kaufiti kuti zimere koma osapeza poyamwa nkufa. Ndiuzeni ngati chimenechi si chinthu choyenera kuti mwana akhalire zaka ziwiri akuchifufuza m'minda ya ku Petauke.

Chimodzimodzi timibulu tomwe mumaona ku mizu ya soya, nshawa ndi nandolo mukazula. Mkati mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timatenga naitulojeni mu mpweya nkupatsa chomera, chakudya chomwecho chomwe timagula modula mu yuriya. Ukang'amba kachibulu nkupeza mkati mofiirira ndiye kuti tikugwira ntchito. Nanga msangu, mtengo womwe umayoyola masamba nthawi ya dzinja pomwe mitengo ina yonse ikubiriwira, moti chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi. Agogo aja a ku Katete amaudziwa msangu kuposa pulofesa, apo sindikutsutsa. Koma funso loti pa nthaka yamchenga ya uku ndi ya katondo ya uko mlimi angachepetse fataleza wochuluka bwanji osataya zokolola, limafuna woyeza, wolemba, wobwereza nyengo zingapo. Awiriwa akufunana, agogo ndi mdzukulu wa masitaziyo.

Za matenda ndi tizilombo sindichulukitsa, tonse tinaona ntchemberezandonda zachilendo zija zitalowa kumapeto kwa 2016 ndipo mpaka lero zilipo, ndipo a ku Luapula akulimbana ndi matenda oola chinangwa mkati omwe anapezeka cha ku Chienge mu 2017. Zinthu zotere zikabwera sudikira katswiri wa kunja akwere ndege, umafuna wako amene angatenge tsamba nkupita nalo ku labu sabata yomweyo.

Manje vuto ndi ndalama. Masitazi yotere si yongokhala mkalasi, pamafunika munda woyesererapo, transipoti, mankhwala a mu labu, olipira aganyu opalira, ndipo mvula ikalakwika nyengo yonse yapita uyambirenso chaka chamawa. Ndichifukwa chake ambiri amayamba koma osamaliza, kapena amathawira ku maphunziro a madzulo a za bizinesi omwe sadikira mvula. Amwayi amapeza sikolashipu kudzera ku RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa za ulimi, ena amapita ku Bunda ku Lilongwe, ena ku South Africa kapena ku Ghana, koma ndi ochepa. CDF inakwezedwa kwambiri kuchokera mu 2022 ndipo ikulipirira ana a ku sekondale yogonera ndi a maphunziro a luso la manja, zabwino ndithu, koma bwanji malamulo ake osawatsegula pang'ono kuti konstichuwensi yomwe anthu ake amadalira khasu izitha kulipirira mwana mmodzi masitazi ya za zomera, pa pangano loti kafukufuku wake akachitire m'minda ya kwawo komweko? Makampani ogulitsa mbewu nawonso amapeza phindu lalikulu October ndi November aliyense, nawo aikepo dzanja.

Kwa inu ana athu amene mwalowa kale, nanunso ndili nanu mawu. Buku lija mumalemba pomaliza lisamangokhala pa shelefu ya laibulale kudikira fumbi. Bwererani kwa alimi omwe anakubwerekani minda mukawauze m'Chinyanja chomwe mwapeza, ngakhale chitakhala choti mbewu munayesayo yalephera. Komanso musathamangire chimanga nonse. Mapira, mawere, nzama, khobwe, chinangwa, izi ndi zomwe zimapirira mvula ikavuta koma ozifufuza ndi ochepa, ndipo mbewu zake zambiri zili m'manja mwa amayi a kumudzi omwe amazisunga m'zikho ndi m'mabotolo osalipidwa ndi aliyense.

Inu akonzi pempho langa ndi laling'ono, sikolashipu za maphunziro amenewa zikatuluka muzizilemba m'Chichewa pa tsamba lanu nthawi ikadalipo, ndi tsiku lotsekera ndi zofunika zake zonse, chifukwa makolo ambiri a ku Chawama ndi ku Mtendere amazimva zitatsekedwa kale.

Ine wowerenga wanu,
Kaunda Square, Lusaka