Kalata yochokera ku Alice Springs

Amwali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana. Ine ndilipo, kungoti dzuwa la kuno likuotcha kuposa la ku Nsanje mu Okutobala.

Tsiku lija pa foni munandifunsa ngati n'zoona kuti ku Australia kulinso ana osowa pokhala powerengera, ndipo foni inaduka ndisanayankhe. Lero ndakhala pansi kuti ndikuuzeni bwinobwino, poti inu ndinu mphunzitsi ndipo muzimva msanga.

Ntchito yanga ya unamwino imandifikitsa m'midzi ya Aaborijini, eni nthaka amene makolo awo anali kuno kalekale azungu asanafike mu 1788. Midzi yake ili kutali zedi. Kupita ku Yuendumu, kwa anthu a mtundu wa Warlpiri, ndi makilomita pafupifupi 300 kuchoka m'tauni muno, ndipo m'njira simukumana ndi msika kapena munda, koma mchenga wofiira ndi tchire basi.

Ndisanamizire boma kuti silichita kanthu. Kuyambira mu 1969 pali thandizo la ophunzira lomwe lero limatchedwa ABSTUDY. Limalipira sukulu yogonera konko, chakudya, ngakhale ulendo wobwerera kwawo pa holide. Popeza midzi yambiri ilibe sekondale yofika kumapeto, mwana amanyamuka akadali wamng'ono kupita ku Darwin, Adelaide kapena muno ku Yirara College. Ena amapirira mpaka kumaliza. Ena ambiri chifundo cha kwawo chimawagwira, akapita kumaliro sabwereranso. Ndiye pali nkhani ya chilankhulo. Sukulu ya ku Yuendumu inayamba kuphunzitsa m'Chiwarlpiri ndi m'Chingerezi mu 1974, koma mu 2008 boma la chigawo chino cha Northern Territory linalamula kuti maola anayi oyambirira a tsiku akhale a Chingerezi chokha. Nditamva zimenezi ndinakumbukira madandaulo anu aja, akuti mwana wa Sitandade 1 amangokuyang'anani mukamuyankhula chilankhulo chimene sanachimvepo kwawo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi nyumba, amwali. Mwezi wathawu ndinakaona mtsikana wina wa sekondale amene timamubaya jekeseni mwezi ndi mwezi chifukwa cha nthenda ya mtima, ija imayamba ndi zilonda zapakhosi kapena zapakhungu zosachiritsidwa msanga. M'nyumba ya zipinda zitatu ndinawerenga anthu 14. Matiresi mpaka pakhonde, mpopi wa kubafa wowonongeka, mayunitsi a magetsi atatha dzulo lake, choncho firiji ndi fani zonse zili zii. Mabuku ake anali m'jumbo pamwamba pa firijiyo kuopa ana aang'ono. Ndinamufunsa kuti amawerengera pati, iye n'kuloza pansi pa mtengo. Boma lamulipirira fizi yonse, inde, koma tandiuzani, mwana wotere angakhoze bwanji mayeso?

Nyumba zambiri m'midzimu ndi za boma, anthu amangochita lendi. Ku Santa Teresa, makilomita pafupifupi 80 kuchoka kuno, anthu anatopa n'kudikira okonza ndipo mu 2016 anakasuma. Mlandu unayenda mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dziko lino, lomwe mu Novembala 2023 linagamula kuti wochita lendi ayenera kupepesedwa ndi ndalama chifukwa cha kuvutika mumtima. Gogo wina pa mlanduwo anakhala zaka zoposa zisanu khomo la nyumba yake lilibe chitseko. Mu Malichi 2024 boma la dziko lonse la Australia, lotsogozedwa ndi Anthony Albanese, ndi la Northern Territory analonjeza madola 4 biliyoni pa zaka khumi, kuti azimanga nyumba zofika 270 pachaka. Ndi ndalama zambiri, ndipo ndikupemphera kuti zifikedi pansi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osamanga kapena kugula zawo. Lamulo la 1976 linabwezera eni ake malo awo, ndipo lero pafupifupi theka la Northern Territory lili m'manja mwawo. Koma malowo ndi a mtundu wonse, sagulitsidwa, monga malo a makolo kwathu. Banki ndiye imakana kukongoza munthu, poti palibe chikole chimene ingalande. Pali bungwe la boma la Indigenous Business Australia lomwe limapereka ngongole za nyumba, ndipo ku Wurrumiyanga, pa zilumba za Tiwi, anagwirizana za lizi ya zaka 99 mu 2007 kuti zimenezi zitheke. Komabe ine m'midzi imene ndimayendamo sindinalowebe m'nyumba yoti mwini wake anene kuti iyi ndi yangayanga. Sindikufuna kuti malo agulitsidwe, ayi. Anthuwa anawalirira zaka zambiri.

Za ntchito ndiye zimandipweteka mwa njira ina. Kuyambira mu 2015 panali ndondomeko ya CDP, yokakamiza anthu osowa ntchito kugwira maola 25 pa sabata kuti alandire kandalama ka boma, ndipo wojomba ankadulidwa. Mu 2024 boma linalonjeza ntchito zenizeni 3,000 za malipiro oyenera. Chimene ndachikonda ndi Learning on Country, ku Maningrida ndi ku Yirrkala, komwe ana asukulu amapita kutchire ndi kunyanja pamodzi ndi alonda a zachilengedwe ndi akuluakulu a m'mudzi, ndipo ena akamaliza amalembedwa ntchito yomweyo. Nanga bwanji osachita chimodzimodzi ndi nyumba? Mpopi ukaphulika, mmisiri amachokera m'tauni, ulendo wa tsiku lathunthu, pamene anyamata ndi atsikana omaliza sukulu angokhala pakhomo pomwepo. Akadawaphunzitsa ukalipentala, zamipopi ndi zamagetsi akadali pasukulu, n'kumawalipira pa holide, bafa la mtsikana uja silikadadikira munthu wa kutali.

Ndipitanso kumudzi kwawo Lachinayi likudzali kukamubaya jekeseni wina, ndipo ndamugulira kanyale koyendera dzuwa, konga kaja munagulira ana anu a Sitandade 8. Mundilembere kuti kwanuko ana ogona m'nyumba zothithikana mumawathandiza bwanji nthawi ya mayeso, mwina ndingatengepo nzeru yokauza aphunzitsi ake.

Moni kwa mayi, muwauze kuti chitenje chija ndimavala Lamulungu lililonse.

Ndine mnzanu,
Nachisale