Usagulitse njingayo, mwana wanga

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndachita kumupanikiza ndine. Akuti wawauza kale alandilodi kuti mwezi ukatha ukutuluka, ndipo njinga yako yamoto waiika pa Facebook kuti ukugulitsa. Ndikaimba foni umangoiyang'ana mpaka idule yokha. Ndiye ndati ndilembe, poti pamaso panga umangoti "eya amayi, eya amayi" mtima uli kwina.

Akuti watopa ndi kuzizira kwa ku Joni, ukufuna ukakhale ku Cape Town kunyanja. Iweyo? Wobadwira ku Dedza, amene unkathamangira kusukulu mu June wopanda nsapato nkhungu ili tolo? Ndinaseka, koma kuseka kunandithera nditamva amene ukupita naye.

Kuzizirako sindikukana. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, kuposa ngakhale pa boma la Dedza. N'chifukwa chake mu June ndi July udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu, ndipo mu July 2023 paja kunagwa sinoo tonse tikuona. Ndikudziwa kuti panjinga usiku mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Zala zako ndinaziona chaka chatha zitang'ambikang'ambika, ndinakupaka Vaseline ndekha uli kukana. Chifuwa chija chinandisowetsa tulo. Koma kuzizira kwa kuno n'kouma. Ikamakwana 10 koloko dzuwa lawala, wachapa m'mawa, madzulo ukuvala. Mvula ya kuno imabwera nthawi yotentha monga kwathu, imagwa masana ndi mabingu ake, nthawi zina ndi matalala, ukangousa pang'ono pakhonde la sitolo yapita, iwe n'kuliza njinga.

Ku Cape Town zinthu n'zotembenuka. Mvula yawo imagwa nthawi yozizira. June, July, August, kuzizira ndi mvula zimabwera limodzi. Ukukumbukira chiperoni cha ku Blantyre tili kwa azakhali ako, masiku angapo dzuwa osaoneka, mabulangeti kununkha nkhungu, iwe kulira kuti tibwerere kwathu? N'chimenecho, koma cha kumeneko chimabwera ndi chimphepo cha m'nyanja. Dzuwa nalo miyezi imeneyo limatuluka cha m'ma 8 koloko, munthu umanyamuka kupita kuntchito kuli mdima, mvula ikukumenya. Ikatha mvula kumabwera mphepo ija amaitcha Cape Doctor, imaomba masiku otsatizana osapuma. Tsono iwe ntchito yako ndi ya panjinga, ndi chibokosi chija kumbuyo chimene chimakoka mphepo. Taganiza bwino, bambo.

Mnzako uja anakakhalako mu December. Ndi amene wakuonetsa zithunzi, ali pamchenga ku Camps Bay, magalasi akuda kumaso, botolo m'manja. December aliyense amaikonda Cape Town, dzuwa limalowa cha m'ma 8 usiku, alendo ali mbwee, ndalama ikuyenda. Umufunse chifukwa chake sanadikire July. Umufunsenso ngati analowa m'madzimo, chifukwa nyanja ya mbali imeneyo ndi yozizira chaka chonse, si ku Salima ayi. Ndipo anthu akwathu ku Camps Bay amangopitako kukakolopa ndi kukasamalira maluwa. Kogona ndi ku Dunoon, ku Masiphumelele, ku Capricorn, ku Imizamo Yethu, ambiri m'zisakasa za malata. Mvula ikalimbika, malo otsika a ku Cape Flats madzi amachita kutumphuka pansi, n'kulowa m'nyumba. Kukauma, moto ukangoyamba pa chisakasa chimodzi mphepo ija imaunyamula. Ku Imizamo Yethu mu March 2017 anthu masauzande anatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Chifuwa chakocho ukufuna ukachigoneke m'chinyezi chotere?

Koma ndisazungulire. Nkhawa yanga si mvula. Ndi mnyamata ameneyu. Sindimuda, wadyapo nsima m'nyumba mwanga muno, ndipo mayi ake ndi munthu wabwino, timapemphera mpingo umodzi. Koma ndalama ija anabwereka kwa iwe, ya lendi, anabweza? Tsiku lija unamubwereka njinga n'kuibweza galasi litasweka, mafuta mulibe, anakupepesa? Nanga usiku uja ndinadzuka pakati pa usiku kukakutengani nonse awiri, mowa uli fungo lokhalokha m'galimoto ya amalume ako, ndani analipira? Iye ntchito sakhalitsa. Pano akuti muphatikize ndalama mukayambe limodzi moyo watsopano. Iwe uponyamo njinga. Iyeyo aponyamo chiyani? Ndiyankhe limeneli lokha, zinazo ndisiya.

Njinga imeneyo unaivutikira. Unkadya buledi ndi tiyi wopanda mkaka kuti umalize ngongole yake, ine ndikukutumizira ndiwo m'kontena mlongo wako akubweretsera. Tsiku limene unamaliza kulipira unabwera nayo kuno, n'kundikweza kuzungulira mpaka kumaloboti, ine ndikukuwa, aneba akuseka pampanda. Bambo ako akanakhala moyo bwenzi atavina. Lero uigulitse motchipa chifukwa cha changu, ndalama yake ithere tikiti ya anthu awiri, dipoziti ya chipinda cha anthu awiri, chakudya cha anthu awiri? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mwana wanga, wa pachala ngwa mphepo.

Malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa ndi amodzi dziko lonse lino. Mu 2025 anali R28.79 pa ola, kaya uli ku Joni kaya ku Cape Town. Koma lendi ya kumeneko ndi yokwera, funsa aliyense wa kutchalitchi amene ali ndi m'bale kumeneko. Ntchito zambiri za m'malesitilanti ndi za m'minda ya mphesa zimayendera nyengo, alendo akachepa kapena akamaliza kukolola amakuuza kuti tidzakuitana. Chizulu chako chimene umanyadira chikakuthandiza pang'ono chabe, kumeneko ndi Chixhosa ndi Afrikaans. Ndipo usamve zoti madzi amavuta kuno kokha. Mu 2018 anthu a ku Cape Town ankawerengeredwa malita 50 munthu mmodzi patsiku, madamu atatsala pang'ono kuuma.

Sindikuti Joni ndi kumwamba. Mipopi imauma, misewu ndi maenje okhaokha, foni amakulanda masanasana, ndipo moto uja wa ku Marshalltown mu August 2023 unapha anthu opitirira 70, akwathu ali momwemo. Ndimapemphera tsiku lililonse ukatuluka ndi njingayo. Koma kuno uli ndi anthu. Amalume ako alipo, mlongo wako alipo, bungwe lathu la maliro lilipo, makasitomala ako akukudziwa, njira zachidule zonse za ku Randburg uli nazo m'mutu. Mabasi opita kumudzi amanyamukira konkuno, ukakwera ndi Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, wafika. Matransipota onyamula katundu ali konkuno. Pasipoti ikavuta, ofesi za boma lathu zili kuno ndi ku Pretoria. Cape Town ili makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera pano, usana ndi usiku uli m'basi, usanayambe n'komwe ulendo wa ku Malawi. Agogo ako akudwaladwala, ukudziwa. Uthenga ukadzabwera usiku, udzafika liti? Nanga ukadzadwala iweyo, adzakuphikira phala ndani? Mnzako uja? Amene sanabwere n'kamodzi komwe kudzakuzonda uli chigonere ndi chifuwa?

Ngati n'zoona kuti vuto ndi kuzizira, bwanji sunatchule Durban? Kumeneko ndiye kofunda chaka chonse, nyanja yake yosambika, amayankhula Chizulu, ndipo ndi pafupi, makilomita osakwana 600. Nakonso kuli zake. Kutentha kwake n'kwa thukuta, malaya amamatirira pathupi, ndipo madzi osefukira a mu April 2022 anapha anthu opitirira 400. Sindinaiwalenso 2015, akwathu atathamangitsidwa kumeneko mpaka boma lathu kuwatumizira mabasi. Ngakhale Pretoria ili apayi, yotsikirapo, yofundirapo kuposa kuno, ukhoza kupita pa njinga yako yomweyo n'kumabwera Lamlungu kudzadya. Koma sunatchule konseko. Watchula kumene wanena mnzako. N'chifukwa chake ndikuti si chisanu chimene chikukusamutsa.

Ndiwe wamkulu, sindingakumange mwendo. Inenso ndinachoka kwathu amayi anga akulira. Mwina Cape Town ingakuyanje, alipo akwathu amene zinawayendera, anamanga nyumba za malata kumudzi ndi ndalama ya kumeneko. Ngati mtima wako wakakamira, chita chonchi. Dikira July, upemphe masiku ochepa, upite wekha ukaione mvulayo ndi maso ako. Ukafikire kwa mwana wa azakhali ako uja ali ku Dunoon, ukafunse lendi, ukafunse anyamata a njinga mmene amapezera. Njinga uisiye kwa amalume ako, yokhoma, makiyi ndisunge ine. Ukakapeza ntchito yeniyeni ndi chipinda chosadontha, tidzaitumiza, ndipo ndidzakuperekeza ndekha kokwerera mabasi ku Park Station. Koma wekha. Ndabwereza dala. Ndalama yako isalowe m'thumba la mnyamata uja, ngakhale akulumbirire pa Baibulo.

Alandilodi uwaimbire lero lomwe, uwauze kuti wasintha maganizo asanaikemo munthu wina. Chipinda chija chili ndi mita yakeyake ya magetsi, suchipezanso pa mtengo umenewo. Chithunzi cha njinga uchichotse pa Facebook. Ndipo ndamva kuti ukumalowetsa mbaula m'chipinda usiku zitseko zili zotseka. Usayerekezenso, utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Ndakugulira hita yaing'ono ndi magolovesi a chikopa, jekete lija la bambo ako ndalisokanso zipi.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ubwere. Transipota wandibweretsera usipa ndi ufa woyera, ndiphika ndi chigwada. Amalume ako adzakhalapo. Ubwere ndi mapepala a njinga, ndipo ubwere wekha.

Ndine,
Mayi ako