Andipatsa mwayi wa PhD, koma bambo akunyumba akuti ndikakwera ndege ndisiye makiyi

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi nthawi ili cham'ma 1 koloko usiku. Magetsi azima, m'nyumba simukugoneka ndi kutentha, ndiye ndakhala pakhonde la amayi anga kuno ku Bangula. Dzina langa musalitulutse chonde, ana amene ndimawaphunzitsa amawerenga nyuzipepala yanuyi.

Ndine mayi wa zaka 41, wa ana awiri. Ndine lekichala pa yunivesite ina m'dziko muno. Ndimaphunzitsa za mmene chilankhulo cha Chingerezi chinapangidwira: katchulidwe ka mawu, kalumikizidwe ka ziganizo, ndi mmene anthu amachilankhulira malo osiyanasiyana. Kumudzi kuno amangoti ndimaphunzitsa Chizungu, ndipo ndinatopa kuwalongosolera.

Mwezi watha ndinalandira uthenga woti andipatsa malo ochitira PhD, digiri yapamwamba ya udokotala wa maphunziro, pa yunivesite ina ku England, ndi sikolashipi ya zaka 3. Ndinatseka chitseko cha ofesi n'kulira ndekha. Lachisanu ndinakwera basi kutsika ku Thabwa kuti ndikawauze bambo akunyumba pamaso. Iwo amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo ana amakhala ndi iwo komweko, ine ndimabwera kumapeto kwa sabata. Ndinawapeza akuvula magambutsi pakhomo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako, osakweza mawu n'komwe, anati, "Amake mwana, mukamakakwera ndegeyo makiyi a nyumba ino muwasiye patebulo."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Akanati andilalatire bwenzi ndikudziwa pogwira.

Mwina ndiyambe ndakuuzani mmene ntchito yathu imayendera, chifukwa anthu amaganiza kuti ukangolowa pa yunivesite ndiye kuti wafika. Ine ndinayambira pansi penipeni, kuchonga mapepala a anthu ena. Nditapeza Masters, digiri yachiwiri, ndinakhala lekichala, ndipo ndaima pomwepo zaka 11. Kuti ukwere n'kukhala senior lecturer amafuna uonetse zimene wafufuza n'kusindikiza m'ma journal, magazini a kafukufuku, amene akatswiri anzako amayamba aunika kaye. Pepala limodzi limatha kukhala chaka chathunthu likupita n'kubwerera. Ma journal ena amafuna ulipire, ndipo ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinkasunga pang'onopang'ono inangosanduka ya ndiwo. Popanda PhD sungayang'anire kafukufuku wa ophunzira a PhD, pamisonkhano mawu ako salemera, ndipo za upulofesa ungoiwala. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha ali chaka choyamba, amene ankalephera kulemba zizindikiro za katchulidwe ka mawu pabolodi, anapita kunja, anabwera ndi udokotala wake, lero ndi amene amasayinira fomu yanga ya tchuthi. Ndi mwana waulemu, sindimuda. Koma ndikatuluka muofesi mwake mtima umandiwawa.

Ndipo si kuti ndinali waulesi. Mwayi unabwerapo kale kawiri. Koyamba ndinali woyembekezera. Kachiwiri apongozi anga aamuna ankadwala, ine ndi amene ndinagona nawo pansi kuchipatala milungu isanu ndi umodzi, ana awo aakazi enieni akungobwera Lamlungu ndi mabanzi. Palibe amene amakumbukira zimenezo. Ndikazitchula akuti ndikuwerengera.

Kafukufuku wanga ndi wa ana a kuno kwathu. Ine ndinakula ndikulankhula Chisena pakhomo. Ndinalowa Sitandade 1 ndikunena kuti pinthu, aphunzitsi n'kumandikonza kuti ndi zinthu, kalasi yonse ikuseka. Chichewa chisanakhazikike bwino m'kamwa, Chingerezi chinali chitafika kale. Mwana wa ku Nsanje amasenza zilankhulo zitatu pamene mnzake wa ku Lilongwe akusenza ziwiri, koma mayeso ndi amodzi. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha (a, e, i, o, u), Chingerezi chili ndi oposa 10, n'chifukwa chake mwana wathu akamva ship ndi sheep kwa iye ndi mawu amodzi. Mawu athu amathera pa vawelo, ndiye lilime limawonjezera lokha, monga mmene tinapezera buku ndi sukulu. Kumeneko si kupusa, ndi lamulo la chilankhulo chimene anayamwa. Koma mphunzitsi amene sanauzidwepo zimenezi amangogamula kuti mwanayo ndi mbuli, ndipo mwana akamva kangapo amakhulupirira. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo ine ndinkafuna kulemba zimene zikuchitikadi m'makalasi a kuno, pansi pa mitengo, osati zimene zili papepala.

Zaka ziwiri ndinayenda pa kabaza m'masukulu a ku Nsanje ndi Chikwawa ndikujambula mawu a ana akuwerenga. Ena ankanong'ona ndi manyazi mpaka ndinkayika kachojambulira pafupi ndi chibwano. Zonse zinali mu laputopu ndi mu kachipangizo kena kosungira, ndipo zonse ziwiri ndinaziyika m'chikwama chimodzi. Ndikudziwa, Azakhali, ndimauza ophunzira anga chaka ndi chaka kuti asamatero. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anandipeza kuno kwa amayi. Madzi analowa usiku. Ndinabereka amayi kumbuyo, chikwama chinatsala pa mpando. Titabwerera tinachipeza m'matope kuseri kwa khola, laputopu itadzaza mchenga mpaka m'mabatani. Anthu anataya ana awo m'madzi amenewo, ndiye sindikanalira pagulu chifukwa cha makina. Koma bambo akunyumba atamva anangoti, "Mwina Mulungu akukuuzani kuti mupume." Ndinameza. Ndinayambiranso.

Tsopano pali zina zimene ndikuchita nazo manyazi, koma ndikabisa zonse malangizo anu sandithandiza. Kuti andilandire anafuna ndilembe mayeso a IELTS, otsimikiza kuti ndimadziwa Chingerezi. Ine amene ndachiphunzitsa zaka zonsezi ndinakhala pamzere limodzi ndi ana amene ndinawachongera mapepala. Zinandipweteka, koma ndinalemba ndipo ndinakhoza bwino. Ndalama ya mayesowo, ya pasipoti ndi yolipira pepala langa limodzi ndinakatenga katapila. Bambo sindinawauze. Ndinagulitsanso mbuzi ziwiri za amayi, amayiwo atavomera, koma achimwene anga sakudziwa mpaka lero. Ngongoleyo yakula. Kuchuluka kwake sindinena.

Palinso mnzanga wina wa kuntchito, bambo wapabanja, amene anandithandiza kukonza zolemba zopemphera malo. Tinkalemberana pa WhatsApp mpaka usiku, nthawi zambiri za ntchito. Bambo akunyumba anaona mauthenga ena. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti palibe chimene chinachitika. Koma pali uthenga umodzi umene sindikanayenera kuyankha mmene ndinayankhira, ndipo sindiubwereza pano. Munthuyo ankandifunsa kuti kafukufuku akuyenda bwanji. M'zaka 16 za banja langa funso limenelo sindinalimvepo m'nyumba mwanga. Sindikudziyeretsa ayi. Ndikungonena mmene zinalili.

Alamu anga aakazi ndiye akukolezera moto. Pamaliro a azakhali awo mwezi wa Ogasiti, ine ndinafika mochedwa chifukwa ndinali ndi mayeso oyang'anira m'mawa, ndipo basi inatifera pa Dyeratu. Ndinafika, ndinamanga chitenje, ndinapita kukhitchini ngati wina aliyense. Nditangogwira mthiko iwo anati, "Asiyireni ena a Pulofesa, mungapse manja olembera." Azimayi onse anaseka. Ufa umene ankaphikawo thumba limodzi ndinagula ndine, nkhuni ndinalipira ndine, ngakhale sugar wa tiyi wa m'mawa. Ndipo nsimayo ndinaiphika, mphika waukulu, yosapserera n'komwe. Madzulo ndinamva akuuza anthu kuti akwawo anapereka lobola kuti apeze mkazi wapakhomo, osati mlendo wobwera Lachisanu. Bambo anali pomwepo. Sanatsegule pakamwa.

Komabe ndisawanamizire. Si munthu woipa. Samwa, sanandimenyepo. Pamene ndinkachita Masters, iwo ndi amene ankasambitsa mwana wathu woyamba n'kumuperekeza ku sikelo, anzawo akuwaseka kuti anadyetsedwa. Zaka zonsezi ana adwala malungo usiku ine ndili kumtunda, iwo n'kumathamanga nawo okha. Akuti atopa kukhala ngati mbeta ali ndi mkazi, ndipo ndikaganiza mofatsa sindiwaona kulakwa. Malamulo a ku UK amalola wophunzira PhD kutenga banja lake, ndinawauza zimenezo. Anati iwo sangasiye ntchito yawo kuti akakhale wolera ana m'dziko lozizira, akudya za m'thumba la mkazi. Nanga ine ndiyankhe chiyani? Koma n'chifukwa chiyani makiyi? Sakanangonena kuti tikhale pansi?

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, msinkhu umene mtsikana amafuna mayi ake pafupi. Wamng'ono ali ndi zaka 7. Amayi anga ali ndi BP, ndipo chichokereni madzi aja akangomva mvula padenga amadzuka n'kuyamba kumanga katundu m'chitenje. Madzulo ano ndinawauza zonse, kupatula za uthenga uja. Anakhala chete nthawi yaitali akusankha mapira m'lichero, kenako anandiuza m'Chisena kuti iwo anasiya sukulu Sitandade 3 chifukwa bambo awo anatero, ndipo mpaka lero amadinda chala. Sananene kuti pita, sananene kuti khala.

A ku yunivesite ya ku England akufuna yankho langa pofika kumapeto kwa mwezi uno, ndipo pakufunikanso kukayezetsa TB ndi kuyamba za viza. Kuntchito akandipatsa tchuthi cha maphunziro ndiyenera kusayina kuti ndikadzabwera ndidzagwira zaka zingapo, zimenezo sindikuopa. Ndikakana ulendo uno, pa msinkhu wangawu sindikhulupirira kuti wina adzandiitananso.

Ndithandizeni Azakhali. Ndipite ankhoswe asanakhale pansi, kapena ndiwaitane ngakhale ndikudziwa kuti ambali ya bambo anagamula kale? Za katapila ndiulule tsopano, kapena zingowapatsa chifukwa china? Mnzanga wa kuntchito uja ndisiye kulankhula naye kotheratu, chonsecho ndi amene akudziwa njira ya mapepala onsewa? Kodi munthu amene wanena za makiyi amakhala akuopseza chabe, kapena mumtima anatseka kale chitseko? Nanga ndikakhala, n'kumadzuka m'mawa uliwonse pafupi ndi munthu amene ndinamusiyira zonsezi, ndidzatha kumuyang'ana bwinobwino? Mwana wanga wamkazi wanditumizira uthenga pa foni ya bambo ake madzulo ano kundifunsa ngati n'zoona kuti ndikuwathawa. Sindinamuyankhe.

Ndine,
Mayi wosowa tulo,
Bangula, Nsanje