Kalata kwa mwana wanga: za mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tonse tili bwino, amayi ako akupereka moni.

Zimene unandiuza pa foni zija sizikundichoka m'mutu. Wati pa mlandu woyamba umene akupatsa kuntchito ukufuna kutsamira pa mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Uyambe wadekha, mwanawe.

Mawu amenewa ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa m'menemo mtundu wa anthu umanena kumene wachokera ndi kumene ukufuna kupita. A ku South Africa mu 1996 anayamba ndi kuvomereza nkhanza za kale lawo asanalembe gawo lililonse. Koma kuti mawu akhudza mtima sizitanthauza kuti woweruza agamulirapo mlandu.

Ku America mu 1905, pa mlandu wa Jacobson, munthu amene ankakana katemera wa nthomba, khoti lalikulu linanena kuti mawu oyamba sapatsa boma mphamvu iliyonse, mphamvuzo zili m'zigawo zenizenizo. Ku India nako, mu 1960, pa nkhani ya Berubari, oweruza anati mawuwo sali mbali ya malamulowo. Patatha zaka 13, pa mlandu wa Kesavananda Bharati, khoti lomwelo linasintha maganizo. Linati ali mbali ndithu, ndipo anathandiza oweruza kuonetsa kuti pali mizati ina imene nyumba ya malamulo singagwetse ngakhale itamasintha malamulowo. Chigamulo chimenechi uchiwerenge mofatsa, ngakhale n'chachitali zedi. Ku France anapita patali: mu 1971 khonsolo yoteteza malamulo aakulu inakana lamulo lofinya ufulu wokhazikitsa mabungwe potengera mawu oyamba a malamulo aakulu a 1958, amene amaloza ku chikalata cha ufulu wa anthu cha 1789 ndi mawu oyamba a malamulo aakulu akale a 1946.

Waona tsono kuti kulemera kwake kumadalira mmene makhoti a dzikolo akhala akuwaonera. Choncho fufuza kaye zimene oweruza a khoti limene ukaimemo ananenapo kale. Kenako upeze gawo lenileni limene laphwanyidwa, uimike mlandu wako pamenepo. Ngati gawolo lingamveke pawiri, apo ndiye uitane mawu oyamba kuti akuthandize kuonetsa tanthauzo limene olemba ankafuna. Ndikudandaulira munthu amene wakukhulupirira uja, asaluze mlandu chifukwa loya wake anatengeka ndi mawu okoma.

Ukamaliza kulemba udzandiimbire, ndikufuna kumva gawo limene wasankha.

Ndine,
Bambo ako