Ubale wathu ndi South Africa uonekere pa ofesi ya kazembe

Akonzi,

Chaka chikamatha atsogoleri amatumizirana mafuno abwino, akazembe nawo n'kumayamikira ubale wa mayiko awo. Wathu ndi South Africa ndi wakale ndithu: udakhazikitsidwa mu 1967, ndipo Kamuzu Banda adakacheza kumeneko mu 1971. Mmalawi wamba amauyesa ubalewu mu Januwale, basi ya ku Joni ikadutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda n'kuima pa Beitbridge, boda yolowera ku South Africa, pasipoti ili m'manja.

Pasipoti yathu imalowa popanda viza, koma masiku ake ndi 30 basi, ndipo wodinda akhoza kupereka ochepera pamenepo. Werengani tsiku lolembedwa pachidindo musanachoke pakauntala. Kuyambira 2014, wopyola masiku salipiranso faindi potuluka, amangolembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Akapyola masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, akabwereza pasanathe miyezi 24 ndi zaka ziwiri, akaposa masiku 30 ndi zaka zisanu. Dandaulo lake limapita ku Home Affairs, unduna wa komweko woona za olowa ndi otuluka m'dziko. Kazembe wathu alibe mphamvu yofafaniza chiletsocho.

Nanga zija zopatsira dalaivala pasipoti kuti akadinditse kuboda, mwini wake ali phee ku Joni? Chidindo chikhoza kuoneka chenicheni, koma ngati kompyuta siikuonetsa kuti munthuyo adatuluka n'kulowanso, mlandu umakula kuposa wa kupyola masiku, ndipo wogwidwa ndi mwini pasipoti, dalaivala ali kutali.

Zomwe ofesi zathu za ku Pretoria ndi Johannesburg zingachite zilipo, bola munthu apite ndi mapepala oyenera. Wotaya pasipoti ayambe wakanena kupolisi n'kutenga kalata yolumbira, kenako apemphe chiphaso chapangozi chobwererera kumudzi. Chimachedwetsa zinthu ndi umboni woti ndi Mmalawi. N'chifukwa chake fotokope ya pasipoti ndi ya chiphaso cha unzika ziyenera kusungidwa kwina, imodzi mufoni, ina kwa m'bale kuno. Umboni womwewo ndi umene umafunika kwa amene akusungidwa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, popeza wopanda mapepala satumizidwa kwawo ofesi ya kazembe isanatsimikize kuti ndi wathu. Womangidwa naye adziwe kuti gawo 36 la pangano la ku Vienna la 1963, lomwe mayiko adagwirizana pa ntchito za maofesi a akazembe, limamupatsa ufulu wouza apolisi kuti adziwitse ofesi ya dziko lake. Ayenera kupempha yekha. Ofesiyo ikhoza kumuyendera ndi kudziwitsa abale, koma singamutulutse m'chitolokosi kapena kuimitsa khoti.

Pomvetsa chisoni kwambiri ndi pamaliro. Thupi silidutsa boda popanda kalata ya imfa ya ku Home Affairs, kalata yosonyeza kuti lakonzedwa ndi mankhwala, komanso chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa komweko cholitulutsira m'dziko. Malemu akakhala kuti ankagwira ntchito ndi dzina la eni, kapena dzina la kuchipatala likasiyana ndi la mupasipoti ngakhale chilembo chimodzi, mapepala onse amaima, mtengo wa kumotchale ukukwera, abale kumudzi akugona pasiwa sabata yathunthu.

Pempho langa kwa a unduna woona za ubale ndi mayiko akunja n'lakuti mndandanda wa mapepalawa ndi mitengo yake uzilengezedwa m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao pawailesi ndi m'madepoti a mabasi Disembala aliyense, anthu asananyamuke. Aganizirenso a ku Cape Town, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg. Wogwira ntchito yapakhomo sangasiye ntchito masiku atatu chifukwa cha pepala limodzi. Ogwira ntchito kuofesi ya kazembe azipita okha ku Cape Town ndi Durban pamasiku odziwika, olengezedwa chaka chikangoyamba.

Wowerenga wanu,
Blantyre