Aise, tayesa 585

Aise,

Zikuyenda ku Joniko? Kuno tili bho, kungoti magetsi akuvuta, ndiye Lachiwiri atazima foni nayo itathima ndinangotenga kope lakale nkuyamba kusewera ndi manambala ngati mwana wa sukulu. Usaseke.

Ukudziwa mawu ngati "ana" kapena "amama", ukawerenga chobwerera amatuluka omwewo. Manambala otero aliponso, 121, 585, 2002. Izo nzosavuta. Koma ukukumbuka za base 2 zija tinkazizemba ku sekondale, zogawa ndi 2 nkumalemba zotsala? Tenga 585. Ndi 512 kuphatikiza 64 kuphatikiza 8 kuphatikiza 1, ndiye mu base 2 imatuluka 1001001001. Taiwerenga kuchokera kumapeto. Yomweyo! Ndinakuwa ndekha mpaka mayi a ana anabwera kudzaona ngati ndapsa ndi kandulo.

Basi chilakolako chinandigwira, ndinayamba kuyesa onse mmodzimmodzi, 22, 44, 66, 202, onse akukana, mapepala atatu atha, kenaka mphwanga wa Fomu 3 uja anasuzumira nkunena kuti achimwene mukudzivutitsiranji, nambala yogawika ndi 2 mu base 2 imathera ndi 0, ndiye kuti ifanane mbali zonse ikuyenera kuyambanso ndi 0, ndipo nambala siyamba ndi 0. Manyazi ake! Ola lathunthu ndataya pa manambala oti sangatheke nkomwe, kamwana kangothetsa nkhani kali chiimire.

Titachotsa amenewo ntchito inaphweka. Pansi pa 1000 tinapeza khumi okha: 1, 3, 5, 7, 9, 33, 99, 313, 585 ndi 717. Asanu oyambawo ine sindikuwawerengera kwenikweni, a dijiti imodzi ngobera. 99 ndiye yandisangalatsa, 1100011, ma zero atatu akhala pakati ngati ana pa mphasa. Ukadutsa 717 kuli zii mpaka 7447, tangoganiza mtunda wake.

121 mu base 2 inakana, koma mu base 3 ndi 11111, mu base 7 ndi 232, mu base 8 ndi 171. Imeneyo ndiye yadyera.

Iwe unkatiposa masamu tonse, ndiye nayi yako: 9009. Usagwiritse ntchito kompyuta, ndikudziwa iwe. Ulembe pa pepala, ujambule, unditumizire pa WhatsApp. Moni kwa alamu, uwauze ufa uja ndipatsira munthu akamabwera mwezi wamawa.

Ndine mnzako yemwe uja